Odwala nkhawa asathawe uphungu wa pagulu

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa za matenda a nkhawa, makamaka pa njira imodzi yowachizira imene anthu ambiri amaikana asanaiyese n'komwe, yomwe ndi uphungu wa pagulu. Ndikulemba monga munthu amene anavutika ndi matendawa kwa zaka zingapo, kenako n'kukhala milungu 12 akukumana ndi odwala anzake 7 pamodzi ndi alangizi awiri, kamodzi pa mlungu, m'chipinda chimene mipando yake inkaikidwa mozungulira. Ndinalowa m'chipindamo monyinyirika, ndipo ndikudziwa kuti pakati pa owerenga anu pali ena amene lero akunyinyirika chimodzimodzi.

Kuda nkhawa n'kwa munthu aliyense, ndipo nthawi zina kumathandiza, chifukwa amene sada nkhawa ndi mayeso sawerenga. Matenda amayamba pamene nkhawayo yakana kuchoka ngakhale chinthu chodetsa nkhawacho chitatha, kapena pamene yakula kuposa chimene chaiyambitsa, mpaka kumulanda munthu tulo, ntchito ndi anzake. Ena amangokhalira kuganizira zoipa zimene zingachitike mawa, tsiku ndi tsiku kwa miyezi 6 kapena kuposa. Ena mantha amawagwira mwadzidzidzi ngati akumwalira, pamene ena amaopa kwambiri maso a anthu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena kuti m'chaka cha 2019 anthu pafupifupi 301 miliyoni anali ndi matenda a nkhawa, kutanthauza anthu anayi pa anthu 100 alionse, ndipo mwa odwala onsewo, mmodzi yekha pa anayi alionse ndi amene amalandira chithandizo. Bungwe lomweli linanenanso kuti m'chaka choyamba cha mliri wa COVID-19 matenda a nkhawa ndi a kukhumudwa anakwera ndi 25 peresenti. Choncho sitikukamba za vuto la anthu ochepa ofooka mtima, monga mmene ena amalankhulira.

Kwa ine zinayambira kuntchito, pamsonkhano wamba. Itakwana nthawi yanga yolankhula, mtima unayamba kugunda mpaka kumveka m'makutu, zikhato zinanyowa thukuta, zala zinachita dzanzi, ndipo mpweya unkangothera pakhosi. Ndinatuluka panja ndili wotsimikiza kuti mtima wanga ukuima. Ndinapita kuchipatala katatu konse, ndipo ulendo uliwonse anandiyeza n'kupeza kuti mtima uli bwinobwino. Wachipatala wina anandigwira paphewa n'kunena kuti, “Inu mulibe matenda, mungochepetsa kuganiza kwambiri.” Sindikumuimba mlandu, pakuti ankafuna kundilimbitsa mtima, koma mawuwo anandibwezera kunyumba ndili ndi katundu wanga yense, kuwonjezerapo manyazi. Kuchokera pamenepo ndinayamba kuzemba misonkhano. Kenako ndinasiya kuyankha foni ya nambala yosadziwika, ndinasiya kudya pamaso pa anthu, ndipo pomaliza ndinkasintha njira ndikaona munthu wondidziwa akubwera kutsogolo.

Kuzemba kumeneku ndiye chakudya cha nkhawa, ndipo amene sanamvetse mfundo imeneyi sangamvetsenso chifukwa chake gulu limachiza. Mu ubongo muli kachigawo kakang'ono kotchedwa amygdala, kamene ntchito yake ndi kuchenjeza thupi pakakhala ngozi. Kakachenjeza, thupi limatulutsa timadzi tolikonzekeretsa kumenya kapena kuthawa totchedwa adrenaline, mtima umathamanga, minofu imakungika, munthu amapuma mofulumira. Kupuma mofulumirako kumachepetsa mpweya wa carbon dioxide m'magazi, ndipo n'kumene kumabweretsa chizungulire ndi dzanzi la m'zala lija. Zonsezi n'zothandiza pamene ngoziyo ndi yeniyeni, koma mwa wodwala nkhawa belu limeneli limalira ngakhale palibe choopsa. Tsono munthu akathawa malo amene belu lalirira, mtima umakhala pansi nthawi yomweyo, ndipo ubongo umaphunzira kuti kuthawako ndi kumene kwamupulumutsa. Ulendo wotsatira mantha amabwera msanga ndiponso mwamphamvu. Dera limene munthu angayendemo momasuka limanka lichepa, mpaka limatsala chipinda chake chogona.

N'chifukwa chake katswiri wa za maganizo atandiuza kuti ndilowe m'gulu, ndinamva ngati sanandimvetse. Ndinamufunsa kuti, “Ine ndikukuuzani kuti ndimaopa anthu, inu mukunditumiza kwa anthu?” Anandiyankha modekha kuti m'chipinda mwake ndingathe kulankhula za mantha angawo chaka chonse, koma pagulu ndikakumana nawo maso ndi maso pali anthu ondigwira dzanja. Tsiku loyamba ndinafika mofulumira kuti ndisankhe mpando wapafupi ndi chitseko, ndipo ndinapeza wina atakhalapo kale, chikwama chake chili pamiyendo, ngati munthu amene sakhalitsa. Patapita milungu ingapo tinaululirana kuti tonse awiri tinkafuna mpando umenewo pa chifukwa chimodzi.

Chimene chinandigwira mtima pa tsikulo chinali mawu a bambo wina wachikulire, wooneka wolemekezeka, amene ndikanakumana naye kwina ndikanati sadziwa mantha. Iye anati usiku amadzuka n'kumadzigwira pamkono kuwerenga kugunda kwa mtima wake, ndipo mkazi wake akafunsa amanama kuti akufuna madzi akumwa. Ine ndinali nditachita zomwezo kwa zaka ziwiri, osauzako munthu, poganiza kuti ndi chizindikiro chakuti mutu wanga wayamba kusokonekera. Nditakweza maso ndinaona anthu ena atatu akugwedeza mitu. Palibe anandilangiza chilichonse pa mphindi imeneyo, komabe ndinatuluka nditapepukidwa kuposa mmene ndinapepukidwira ndi mayezedwe onse atatu a kuchipatala aja.

Zimenezi si zachilendo kwa akatswiri. Irvin Yalom, dokotala wa matenda a maganizo wa pa yunivesite ya Stanford ku America, anafotokoza m'buku lake la mu 1970 zinthu zimene zimachiza munthu pagulu, ndipo zina mwa izo ndi kuzindikira kuti suli wekha, kupeza chiyembekezo poona mnzako akuchira, ndiponso kukhala ndi mwayi wothandiza ena. Koma njirayi ndi yakale kuposa pamenepo. M'chaka cha 1905 dokotala wina wa mumzinda wa Boston, dzina lake Joseph Pratt, anayamba kusonkhanitsa odwala chifuwa chachikulu osauka kuti aziwaphunzitsa pamodzi mmene angadzisamalire kunyumba. Cholinga chake chinali kuwaphunzitsa basi, koma anaona kuti odwalawo akulimbikitsana okhaokha, ndipo kulimbikitsanako kukuwathandiza kupirira ndi kutsatira malangizo. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, madokotala monga Wilfred Bion ndi S. H. Foulkes anagwiritsa ntchito magulu pothandiza asilikali ovulala m'maganizo pa chipatala cha Northfield ku England, chifukwa odwala anali ambiri ndipo madokotala anali ochepa.

Komabe ndisasocheretse owerenga kuti aganize kuti gulu lotere ndi malo ongokhuthulirana zakukhosi. Anthu okhala ndi nkhawa akangosonkhana n'kumasimbirana zoopsa popanda wowatsogolera, angathe kubwerera kwawo atawonjezerana mantha. Gulu limene ine ndinalowa linkatsatira njira ya uphungu yothandiza munthu kusintha kaganizidwe ndi kachitidwe kake, yotchedwa CBT, imene maziko ake ena anaikidwa ndi Aaron Beck wa pa yunivesite ya Pennsylvania m'zaka za m'ma 1960, ndipo Richard Heimberg ndi anzake anaikonza kuti izigwira ntchito pagulu la anthu oopa maso a anthu. Njirayi imaphunzitsa munthu kugwira ganizo limene lamuopseza, kuliyang'anitsitsa ngati lili ndi umboni, kenako kuliyesa pochita chinthu chimene amachiopacho. Msonkhano uliwonse unali ndi ndondomeko yake. Tinkayamba ndi kufotokoza mmene ntchito ya kunyumba yayendera, kenako kuphunzira luso limodzi, kenako kuyeserera, ndipo aliyense ankachoka atalonjeza chinthu chimodzi chimene akachite mlungu umenewo.

Kuyeserera kuja ndi kumene ndikufuna ndikhalitsepo, chifukwa ndi pamene gulu limaposa china chilichonse chimene ndinayesapo. Aliyense analemba mndandanda wa zinthu zimene amaziopa, kuyambira chaching'ono mpaka chachikulu, n'kupereka nambala ya mantha pa chilichonse kuchokera pa 0 kufika pa 100. Pa mndandanda wanga, kupereka moni kwa munthu wosamudziwa kunali pa 30, kufunsa funso pamsonkhano kunali pa 70, ndipo kuimirira kulankhula pamaso pa anthu kunali pa 95. Mlungu wachisanu mlangizi anandipempha kuti ndiimirire ndilankhule kwa mphindi ziwiri pa nkhani iliyonse. Ndisanayambe anandifunsa chimene ndikuyembekezera kuti chichitike, ndipo analemba mayankho anga pa bolodi: mawu adzanjenjemera, ndidzaiwala zonena, anthu adzandiona ngati chitsiru, ndidzakomoka. Ndinaimirira mawondo akuombana. Pa theka la mphindi yoyamba anandifunsa nambala, ndinati 90. Itatha mphindi imodzi ndinati 75. Pomaliza ndinati 55, ndipo ndinali ndisanakomoke.

Kenako anatembenukira kwa anzanga aja n'kuwafunsa zimene aona. Mayi wina anati anamva mawu anga akugwedera pang'ono poyambirira, koma sanazitenge ngati kanthu chifukwa ankafuna kumva mathero a nkhaniyo. Mnyamata wina anati sanaone n'komwe kuti manja anga akunjenjemera, ngakhale kuti kwa ine ankaoneka ngati masamba pamphepo. Mlangizi mmodzi yekha akanandiuza zimenezi, ndikanati akungondisangalatsa chifukwa ndi ntchito yake. Koma anthu 7 amene sankapindula chilichonse ndi kundinamiza, amenenso ankadziwa bwino kuwawa kwa mantha amenewa, anali umboni umene maganizo anga anavutika kuutsutsa. Tinabwerera ku bolodi kuja n'kufufuta zimene sizinachitike, ndipo panatsala chimodzi chokha, kunjenjemera kwa mawu, komwenso kunali kochepa kuposa mmene ndinkaganizira.

Kusintha sikunabwere tsiku limodzi, ndipo akuluakulu sananame kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Panali mlungu wina umene ndinalephera ntchito yanga ya kunyumba, yomwe inali kufunsa funso limodzi pamsonkhano wa kuntchito, ndipo ndinafuna kujomba kuti ndisakaulule. Ndinapitabe, ndipo ndinapeza kuti anthu ena awiri alepheranso zawo. M'malo motidzudzula, mlangizi anatithandiza kuigawa ntchitoyo m'tizigawo ting'onoting'ono. Chodabwitsa n'chakuti ndinkatha kuona mosavuta pamene mnzanga akudziweruza mopitirira muyeso, ndipo pomuuza mawu omulimbitsa mtima ndinkadzimva ndikunena zimene ine mwini ndinkafunika kumva. Munthu amene wakhala nthawi yaitali akudziona ngati mtolo kwa abale ake, akaona mawu ake athandiza wina, kamtima kake kamadzuka.

Tsopano ndinene za zimene anthu amadandaula nazo, pakuti zina mwa izo n'zoona. Choyamba ndi chinsinsi. Mlangizi amamangidwa ndi malamulo a ntchito yake, koma odwala anzako amangomangidwa ndi lonjezo lawo, ndipo palibe angakutsimikizire kotheratu kuti onse adzalisunga. Gulu labwino limakambirana nkhaniyi tsiku loyamba, limagwirizana kuti zolankhulidwa m'chipindamo zizithera momwemo, ndipo silikakamiza munthu kuulula zimene sakufuna. Ine sindinatchulepo dzina la kuntchito kwanga kapena la wachibale aliyense, ndipo chithandizo chinayendabe, chifukwa chimene tinkalimbana nacho chinali mantha, osati mbiri ya moyo wa munthu. N'chifukwa chakenso m'kalata ino sindinatchule chilichonse chimene chingazindikiritse anzanga aja.

Chachiwiri n'chakuti nthawi imagawidwa, ndipo pamakhala ena olankhula kwambiri amene angaphimbe ofatsa ngati mlangizi sali tcheru. Komanso si aliyense amene gulu limamuyenera. Munthu amene akuganiza zodzipha, amene wasokonezeka kwambiri maganizo, kapena amene wangokumana kumene ndi zoopsa zazikulu, amafunika kuonedwa payekha ndiponso mwamsanga, ndipo sayenera kudikira tsiku la gulu. Ndiyeneranso kunena mosabisa kuti ngakhale kafukufuku wambiri wasonyeza kuti CBT ya pagulu imachepetsa nkhawa, bungwe la NICE, limene limapereka malangizo a zachipatala ku England, linalangiza mu 2013 kuti kwa akuluakulu oopa maso a anthu chithandizo choyamba chizikhala CBT ya munthu payekha. Sindikutsutsa zimenezo. Chimene ndikunena n'chakuti kwa anthu ochuluka padziko lapansi, kusankha kwenikweni sikukhala pakati pa gulu ndi katswiri wako wekha. Kumakhala pakati pa gulu ndi kukhala osathandizidwa konse, ndipo pamenepo gulu loyendetsedwa bwino ndi chithandizo chenicheni, osati chongotonthozera.

Pa za mankhwala ndingonena mwachidule. Alipo amene amathandiza, monga fluoxetine ndi sertraline, ngakhale kuti amatenga milungu ingapo asanayambe kugwira ntchito, ndipo angathe kuyendera limodzi ndi uphungu. Ena monga diazepam amatsitsa mantha mofulumira koma thupi limawazolowera, motero sayenera kumwedwa nthawi yaitali kapena popanda dokotala. Ndi bwinonso kuyezetsa thupi kaye, popeza matenda ena, monga kugwira ntchito mopitirira kwa chithokomiro, amaoneka ngati nkhawa.

Chimene chimandipatsa chiyembekezo n'chakuti njira ya pagulu siidalira madokotala akuluakulu okha. Bungwe la WHO linakonza ndondomeko yotchedwa Group PM+, ya misonkhano isanu, imene imatsogoleredwa ndi anthu wamba ophunzitsidwa bwino ndiponso oyang'aniridwa ndi akatswiri. Itayesedwa pakati pa amayi a m'chigwa cha Swat ku Pakistan, dera limene linavutika ndi nkhondo, zotsatira zimene zinafalitsidwa mu 2019 zinasonyeza kuti nkhawa ndi kukhumudwa zinatsika kuposa mwa amayi amene sanalowe m'maguluwo. Ndondomeko ina yotchedwa Self-Help Plus, imene imatha kutenga anthu okwana 30 nthawi imodzi pogwiritsa ntchito mawu ojambulidwa ndi buku la zithunzi, inayesedwa pakati pa amayi othawa nkhondo ochokera ku South Sudan amene ankakhala ku Uganda, ndipo inawachepetsera kuvutika maganizo. Mawu akuti “ophunzitsidwa” ndi “oyang'aniridwa” ndi ofunika kwambiri pano, chifukwa mtima wabwino wokha sukwanira kutsogolera anthu 8 amene aliyense wa iwo akunjenjemera ndi lake.

Ndikupempha ogwira ntchito zachipatala kuti akamuyeza munthu n'kupeza kuti mtima uli bwino, asamalekere pomwepo. Amuuze kuti zimene akumvazo zili ndi dzina, zimadziwika, ndipo zimachizika, kenako amulozere kumene angapeze uphungu. Kwa abale a odwala, pempho langa ndi lakuti musamawachitire zonse zimene akuziopa, monga kuwayankhira foni kapena kuwapepesera pamene azemba anthu, chifukwa chifundo chotere chimathirira matendawo. Koposa apo aperekezeni mpaka pakhomo la gulu, ndipo akabwerako musawafunse kuti anzawo anena chiyani.

Kwa amene akuganiza zolowa m'gulu, pali mafunso oyenera kufunsa musanavomere. Funsani ngati wotsogolera anaphunzira ntchitoyi ndiponso ngati pali amene amamuyang'anira, funsani kuti m'gulumo mukhala anthu angati ndipo mukumana kangati, funsani za lamulo la chinsinsi, ndipo funsani ngati padzakhala kuyeserera ndi ntchito ya kunyumba. Wotsogolera wabwino amayamba wakumana nanu panokha kuti aone ngati gululo likukuyenerani. Mukalowa, musaweruze ndi tsiku loyamba, chifukwa tsiku limenelo mantha amakhala pamwamba mwa aliyense. Simukakamizidwa kulankhula zambiri poyamba. Ine mlungu woyamba ndinangonena dzina langa ndi chiganizo chimodzi.

Nkhawa yanga sinatheretu, ndipo alangizi aja sanatilonjeze kuti idzatheratu. Mwezi wathawu ndinapemphedwa kupereka lipoti pamsonkhano, ndipo nditaimirira mtima unayambanso kugunda m'makutu monga kale. Ndinapuma pang'onopang'ono monga tinaphunzirira, ndinadzifunsa nambala, ndinapeza kuti ndi 60, ndipo ndinayamba kuwerenga lipotilo mawu akugwedera. Pofika tsamba lachiwiri nambala inali itatsikira pa 35, ndipo nditamaliza ndinayankha mafunso atatu ndisanakhale pansi.

Ine wanu,
Wowerenga amene anathandizidwa ndi uphungu wa pagulu